Mkaka wa Mayi Paulina

1

Mukafika pamashopu a pa Machipisa, mu Highfield, n'kufuna Twaibu, musavutike kufunsa. Yang'anani pamene anthu aunjikana akuseka, ine ndili pakati pamenepo. Sukulu ndinalekezera Sitandade 4, aphunzitsi ndi ine titalephera kugwirizana kuti woyankhula m'kalasi akhale ndani. Chizungu ndinachitola m'mahotela a m'tauni ndikuperekera mbale, Chishona ndinachitola mumsewu, Chiyao ndi Chichewa ndinazipeza m'nyumba mwa bambo, amene anachoka ku Mangochi wapansi kudzafuna ntchito kuno kudziko la Ashona. Kufakitale ya galimoto ku Willowvale anandichotsa kapitawo atandipeza ndikuyenda ngati iye, anzanga atafa ndi phwete.

Koma nkhani iyi yakana kuseketsa. Ndaiyesa mbali zonse.

Muno mu Highfield muli nyumba ina imene ndimalowamo osaodira. Mayi wa m'nyumbamo amandilandira wopanda mpango kumutu, mwamuna wake n'kundisiyira mpando wake. Mayiyo ndakhala ndikumukonda kuyambira unyamata wanga, ndipo mwamuna wake akudziwa. Musafulumire kutola miyala. Imvani kaye.

Dzina lake ndi Asiyatu, mwana yekhayo wa a Chikwanje, telala wa kuseri kwa mzikiti. Amayi ake, Abiti Saizi, anamwalira iye akadali kamtsikana. M'chaka cha 1977 ankagwira ntchito pakiliniki ya ana, kuwakweza sikelo ndi kuwasambitsa. Nika yathu, ukwati wa Chisilamu, inali yoti ichitike Ramadani ikatha.

"Iwe Twaibu, uzidzandidyetsa chiyani? Pakamwa?" ankatero.

"Pakamwa pomwepa ndi pamene panakugwetsa."

"Sindinagwe ine. Ndinangofuna kuti ukhale chete."

2

Nkhondo ya m'tchire inali itafika poipa. Anthu ankathawa m'midzi n'kudzagona m'mapulasitiki pamusika, ena atabereka makanda amene amayi awo anatsala m'manda kumudzi. Mkaka wa m'chitini unkasowa, popeza maiko akunja anali atatsekera malonda boma la azungu.

Akiliniki anapeza nzeru. Amayi a mkaka wambiri azifinyira m'chiwiya chimodzi, mkakawo uziwiritsidwa n'kumamwetsa ana amasiye ndi ana amene amayi awo anauma mawere. Amayi a kutchalitchi anabwera. Amayi athu a kumzikiti anakana, ena mpaka kukatenga ana odwala n'kubwerera nawo kunyumba. Ena mwa anawo anamwalira. Anamwino anayamba kutinena kuti maNyasarande, mmene ankatitchulira ife obwera, ndife mbuli.

Apa ndi pamene yunivesite inatumiza anthu atatu kudzafufuza. Woyamba anali Dokotala Rehana, Mmwenye wachisilamu, dokotala wa ana, wamfupi, woyenda ngati wasiya china pamoto. Wachiwiri anali a Gwenzi, Mshona wophunzitsa mbiri yakale, munthu wofunsa funso limodzi n'kudikira yankho mpaka tiyi kuzizira. Wachitatu Shehe Kalembo, amene anakaphunzira malamulo a Chisilamu ku Zanzibar. Dokotala sankamva Chichewa, a Gwenzi ankangotolako mawu amodziamodzi. Panafunika womasulira.

"Ndakutchula kwa Dokotala," anatero Asiyatu. "Mwina pakamwa pakopo papezeko ntchito."

Ndinawatcha mafuwa atatu, chifukwa aliyense payekha sakanaphika kanthu, komanso onse anali otentha. M'kagalimoto ka Dokotala ankakangana njira yonse.

"Mkaka ndi mkaka, ana akufa!" Dokotala ankatero akumenya chiwongolero.

"Mkaka si madzi, Dokotala," Shehe ankayankha.

"Koma zinayamba liti?" a Gwenzi ankafunsa ali kumbuyo, ndipo palibe ankawayankha.

Ine ndinkamasulira mikanganoyo ndikuthiramo mchere wanga, mpaka onse n'kuseka. Ndinkadziona ngati pulofesa wachinayi. Ndinagula ndi magalasi omwe, a maso abwinobwino.

3

Tsiku lina Shehe anatikhazika m'madrasa, pamabenchi a ana, kuti atifotokozere lamulo. Ine madrasa ndinkapitako mmene ndinkapitira kusukulu, choncho zambiri zinali zachilendo kwa ine ngati kwa a Gwenzi.

"Mwana akayamwa bere la mkazi wina mpaka kukhuta, kasanu, asanakwanitse zaka ziwiri, mkazi ameneyo ndi mayi wake," anatero Shehe. "Ana onse amene anayamwa bere limenelo ndi abale ake. Sangakwatirane, monga mmene munthu sangakwatire mlongo wake wa mimba imodzi. Tsono inu, Dokotala, mukusakaniza mkaka wa amayi khumi m'chiwiya chimodzi. Mwanayo akadzakula, mlongo wake adzamudziwa bwanji? Amayiwa si mbuli. Akuopa kudzakwatitsa mwana kwa mlongo wake."

Dokotala anati lamulolo analimvapo ali mwana, koma kusukulu ya udokotala silinatchulidwepo.

A Gwenzi ndi amene anadzidzimuka ngati alumidwa ndi nyerere. "Kumudzi aliyense ankadziwa kuti uyu anayamwa kwa uje," anatero. "Azakhali ankakumbukira. Koma kuno munabwera wa ku Mangochi, wa ku Tete, wa ku Chipata, n'kukhala khomo ndi khomo. Amayi ankapita kukagwira ntchito kwa azungu. Ndani ankakumbukira? Tifunse amayi amene ankasunga ana a anzawo."

Ine ndi pakamwa panga sindinachedwe.

"Ngati ndi choncho, ine ndili ndi mayi wachikatolika! Amayi anga atagonekedwa kuchipatala ndi chifuwa chachikulu, ndinayamwa kwa Mayi Paulina, limodzi ndi mwana wawo Lourenço. Highfield yense akudziwa. Ndiye Luisa, mwana wawo wamkazi, ndi mlongo wanga? Mwayi wake sindinamufunsire."

"Mwayi wako," anatero Shehe.

"Ndikutengerani kwa iwo Loweruka. Mukamva zodzaza mabuku atatu, lililonse ndi mwini wake."

Palibe anandikakamiza. Ndinawatsogolera ndekha, ndikuimba likhweru.

4

Loweruka Shehe anapita kumaliro. Tinapita ine, Dokotala ndi a Gwenzi. Asiyatu anali atawerukako kuntchito masana amenewo, ndiye anatiperekeza atanyamula buledi, kuti akaonekere kwa apongozi ake achiwiri.

Mayi Paulina anachokera ku Tete ali mtsikana. Amuna awo, amene ankagwira ntchito ku Graniteside, anali atamwalira, ndipo Lourenço anali atawoloka malire ndi anyamata ankhondo, osamvekanso. Tinawapeza pakhonde akudyetsa abakha, korona ili m'khosi.

"Maiwe, mwana wanga woluma wabwera!" anafuula. "Dokotala, uyu asakunamizeni ndi magalasi. Ankayamwa ngati akulipidwa, mano atangomera n'kuyamba kuluma."

Ndinamasulira zonse, ndi zoluma zomwe. Dokotala anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenaka anafunsa funso lake la tsiku ndi tsiku: kodi ana amene ankasunga anawamwetsapo mkaka wa m'chitini?

Mayi Paulina analavula pansi.

"Chiphe chimenecho! Funsani uyu," anatero akuloza Asiyatu. "Ayi, iye sangadziwe, anali kakhanda. Mwanangu, amayi ako atapeza ntchito kwa adona ku Avondale, adonawo anakana mwana m'kachipinda ka antchito. Anakusiya kwa ine ndi chitini cha mkaka. Anandigwira dzanja akulira, amvekere, 'Mayi, chonde, musamuyamwitse. Muzimupatsa wa m'chitiniwu.' Ndinavomera. Sabata isanathe unayamba kutsegula m'mimba. Liwombo linalowa, maso anapita m'kati, kulira komwe unasiya. Ine pamenepo ndili ndi Luisa kubere, mkaka ukuchita kunyowetsa bulauzi. Ndikanatani?"

Ndinasiya kumasulira.

"Ndinadziwa chimene Abiti Saizi ankaopa," anapitiriza. "Ife timadya nkhumba. Amayi ake a Twaibu anali chigonere, sakanasankha, koma Abiti Saizi anali ndi maso. Ndiye ndinati, chabwino, mkaka wanga ukhale woyera. Ndinasiya nkhumba mpaka tsiku limene unaleka kuyamwa. Pa Khirisimasi amuna anga anagula mwendo wonse, ine ndinadyera masamba. Wa m'chitiniwo tinkathira mu tiyi. Amayi ako akabwera Lamlungu n'kukupeza wanenepa, ankayamika chitini, ine n'kungoti zii. Sindinauzepo munthu. Koma iwo anapita, ndipo taonani mmene Mulungu wachitira! Ana anga awiri, uyu bere lakumanzere, uyu lakumanja, akukwatirana!"

Anaomba m'manja, abakha n'kubalalika.

5

"Akuti chiyani?" Dokotala anafunsa m'Chizungu, akumwetulirabe.

Asiyatu sindinamuyang'ane. Ndinayang'ana abakha.

"Akuti mkaka wa m'chitini unadwalitsa mwana wina," ndinatero m'Chizungu changa cha m'hotela. "Ndiye anamupatsa phala lamadzimadzi, n'kuchira."

"Phala? Kwa khanda?" Dokotala anakwinya nkhope. A Gwenzi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Mawu oti bere anali atawamva kawiri, ndipo phala sanalimve.

"Dokotala, si zimene anena."

Anali Asiyatu. Anayankhula Chizungu cha pakiliniki, pang'onopang'ono, buledi akadali pamiyendo. Anafotokoza zonse: chitini, liwombo, nkhumba, bere lakumanzere ndi lakumanja. Mawu ake sananjenjemere mpaka pomaliza, pamene anati, "Mwanayo ndine."

Dokotala anagwira pakamwa. A Gwenzi anavula chipewa ngati afika pamaliro.

"Kwagwanji?" Mayi Paulina anafunsa akutiyang'ana mmodzimmodzi. "Twaibu, ndanena choipa? Ndalakwa chiyani, ana inu?"

Asiyatu anagwada n'kuika mutu pamiyendo yawo.

"Simunalakwe, amayi. Mukanapanda inu bwenzi ndili m'manda."

Anawatcha amayi. Ndinamva ngati wina watseka chitseko ine ndili kunja.

6

Mawa lake m'mawa ndinali pakhomo pa Shehe asanamwe tiyi. Nditawafotokozera zonse, ndinakamba nawo ngati tili pamusika.

"Shehe, munati kasanu. Mwina kanali kanayi."

"Akuti miyezi, Twaibu."

"Ndi Mkatolika."

"Bere lilibe mpingo."

"Ine ndinayamwa chaka china, iye chaka china. Sitinakumanepo pamenepo."

"Mayi ndi mmodzi."

"Mabere ake ndi osiyana. Ine lakumanzere..."

"Twaibu." Shehe anandigwira phewa. Maso awo anali ofiira, chifukwa iwo ndi amene akanatimangitsa nika. Kenaka anati, "Sindikubisira zimene ndinaphunzira. M'mabuku amene timatsatira, mawu a mkazi mmodzi yekha sakwanira kukukakamizani kusiyana. Pamafunika mboni zina, ndipo pano palibe. Ine ndikanakhala iwe ndikanasiya, koma sindingakuletse."

Ndinadumpha n'kuwapsompsona chisoti. "Zanzibar ikhale ndi moyo!"

"Khala pansi, sindinamalize. Mmodzi wa inu awiri akavomereza ndi pakamwa pake kuti ndi zoona, nika palibe. Mpaka muyaya."

Ndinatuluka ndikuthamanga. Kunali kungomuuza Asiyatu kuti asavomereze. Ntchito ya pakamwa, ntchito yanga.

7

Ndinamupeza pa Machipisa akudikira basi, atavala yunifomu. Dzuwa linali litakwera, amayi akuitanira tomato, galimoto ya asilikali ikudutsa. Ndinamukokera kuseri kwa butchala n'kumufotokozera zonse mwa mpweya umodzi.

"Ungonena kuti sukudziwa. Unali khanda, ungadziwe bwanji? Nkhalamba zimasokoneza ana. Anasunga ambiri."

"Iwe ukukhulupirira kuti asokoneza?"

"Zimene ndikukhulupirira ine zilibe ntchito. Shehe akuti..."

"Ndakufunsa iwe, Twaibu. Tandiyang'ana. Nena kuti Mayi Paulina anama."

Ndanamizapo apolisi pa nkhani ya chitupa. Ndanamizapo mabwana, makasitomala, Dokotala amene. Ndinatsegula pakamwa, ndipo m'maso mwanga munabwera mayi uja akudyera masamba pa Khirisimasi, nyama ikununkhira m'nyumba. Palibe chinatuluka.

"Waona," anatero Asiyatu, misozi ikutsika koma osaipukuta. "Munthu anasiya ndiwo zake kuti ine ndikhale ndi moyo, ndiye ndikaimirire mumzikiti n'kunena kuti sindikumudziwa? Nanga ana athu? Tsiku lililonse pakiliniki ndimauza amayi kuti mantha awo ndi omveka. Ndiye ine ndikhale woyamba kutseka maso?"

"Tithawe. Ku Bulawayo palibe akutidziwa."

"Ine ndizidzidziwa."

"Asiyatu, ndinagula kale bedi."

Anaseka, kuseka kosakanikirana ndi kulira, n'kundimenya pachifuwa ndi chikwama. Basi inafika. Ataponda sitepe anatembenuka.

"Pitani kunyumba mukadye, achimwene. Mwaonda."

Kuyambira tsiku limenelo sananditchulenso kuti iwe.

8

Mafuwa atatu aja anamaliza ntchito yawo. Dokotala anasiya chiwiya chimodzi chija. Anakonza zoti mwana aliyense azimwa mkaka wa mayi mmodzi wodziwika, mabanja awiriwo n'kuonetsedwa maso ndi maso. Shehe analalikira Lachisanu kuti njira imeneyi ndi yololedwa, ndipo kuyamwitsa mwana wamasiye ndi sadaka yaikulu. A Gwenzi anayenda khomo ndi khomo kufunsa amayi okalamba kuti anayamwitsa ndani, nkhalambazo zisanapite nazo kumanda. Amayi a kumzikiti anabwerera kukiliniki, ena n'kukhala oyamba kupereka mkaka. Ana anasiya kufa mmene ankafera. Ena mwa iwo lero amandipatsa moni pa Machipisa, ali ndi ndevu.

Dokotala anabwera kudzandipepesa. Ndinamuuza kuti asadandaule, yunivesite yandipatsa mlongo, pomwe ena imangowapatsa pepala. Anayamba kulira, ndipo nthabwala imeneyo sindinaibwerezenso.

Mayi Paulina atamvetsa zimene zinachitika anadwala, osafuna kutiona chifukwa cha manyazi. Asiyatu ankapitabe kukawasambitsa. Lourenço sanabwerere ngakhale nkhondo itatha. Pamene Mayi Paulina anamwalira, ine Msilamu ndi amene ndinanyamula bokosi kutsogolo, kulowa nalo m'tchalitchi, monga mwana wamwamuna wotsala.

Nkhondo itatha, mphunzitsi wina wa ku Mufakose, a Ndaila, anafunsira Asiyatu. Madzulo ena a Chikwanje anafika kwathu, mwana wawo ali pambuyo. Anakhala pabedi lija, popeza mipando inali yochepa.

"Mwanawe, ukudziwa mwambo wathu," anatero. "Ine ndikaima kumzikiti monga bambo. Koma ukwati umafuna nkhoswe ya kuchikazi, mlongo wake kapena amalume ake. Abale a malemu onse ali ku Mangochi. Mwanayu alibe mlongo wina."

Ndinayang'ana Asiyatu. "Ndi inu mwanena zimenezi?"

"Ndani wina angandiyankhulire kuposa inu, achimwene?"

Ndinavomera. Pachinkhoswe ndinaseketsa anthu mpaka amayi ena kugwa pamphasa. Ndinamutenga dzanja n'kumupereka kwa a Ndaila, ndikuwachenjeza kuti akadzangomulakwira adzaona. Kenaka ndinapita kuseri kwa nyumba, kumene ankatsukira mbale, ndipo zimene ndinachita kumeneko sizoti muzidziwe.

Ntchito ya nkhoswe ndi kudikira kuti banja likayambana akuitane. Ine ndadikira mpaka imvi. Munthu uja ndi wabwino moipa. Sanamutukwanepo, sanagonepo kunja, ndipo ndikafika amanditcha alamu n'kunyamuka pampando.

Inu owerenga, makamaka achinyamata amene mwayamba kuyang'anana pamzikiti: musanagule bedi, pitani mukamwe tiyi kwa amayi amene ankakusungani makolo anu ali kuntchito. Afunseni zonse, ndipo mufunse msanga, mtima usanamere mizu. Ena amandifunsa ngati ndimadana ndi anthu ophunzira aja. Ayi. Anabwera kudzafunsa chifukwa chimene ana ankafera, ndipo anachipeza. Ena amafunsa ngati ndimanong'oneza bondo ndi bodza la phala lija. Limenelonso ayi. Ndikanalinenanso lero, ndipo Asiyatu akanaliwongolanso lero, ndipo ndi chifukwa chake ndinamukonda.

Sindinakwatire. Lachisanu lililonse tikatuluka mumzikiti ndimapita kunyumba ija. Ana ake, ndipo tsopano ndi adzukulu omwe, amathamangira kuchipata akufuula, "Amalume abwera! Amalume, tiseketseni!"

Ndiye ndimawaseketsa.